Kasamalidwe ka nyale yolondolera asodzi padoko kuti isamazime pakati pa usiku

Ine ndine mmisiri wa sola kuno ku Blantyre, koma ikafika June ndi July mafoni ambiri amene ndimalandira amachokera kunyanja. Mawu ake amakhala amodzimodzi: "Amisiri, nyale yathu ya padoko ikumazima cha m'ma 2 koloko usiku. Batire latha, tigulireni lina ku Limbe." Ndikakwera basi ya ku Mangochi n'kukafika, nthawi zambiri ndimapeza kuti batirelo lilibe mlandu. Mwina panelo yakutidwa ndi zitosi za mbalame, mwina mitu ya batire yamera zoyera ngati ufa, mwinanso wina wakhala akutchajirapo mafoni masana onse. Mukaika batire latsopano pamenepo nalonso limafa chaka chisanathe, ndalama zimene komiti inasonkha n'kulowa m'madzi.

Chimandipweteka n'chakuti nyale yoyaka lero n'kuzima mawa ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo. Msodzi akadziwa kuti kwawo kulibe nyale, amadalira phiri ndi nyenyezi ngati makolo ake. Koma amene anazolowera nyale amaisakasaka mumdima, ndipo akaona kuwala kwa golosale kapena kwa loji ya wina amalunjika komweko, kumene mwina kuli miyala.

Malangizowa ndi a nyale za sola za 12V zimene makomiti a m'madoko, mipingo ndi eni maboti amadziikira okha. Nyale ndi zizindikiro za boma zimene zimalondolera sitima monga Ilala polowa ku Monkey Bay, Nkhata Bay ndi madoko ena aakulu, mwini wake ndi dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi, amene tonse timangoti a Marine. Zimenezo mukaona kuti zazima kanenani, musazigwire.

Zofunika kunyamula

Gulani zonse musananyamuke m'tauni. Fyuzi yaing'ono yosowa ikhoza kukugonetsani masiku awiri kudoko.

- Multimeter (mita yoyezera magetsi) yokhala ndi batire lamoyo
- Masipanala a 10 ndi 13, pulayazi, sikuludiraiva yamtanda ndi yapansi
- Burashi yawaya ndi sandipepa
- Nsalu zofewa ziwiri, sopo wamadzi ndi ndowa
- Soda wophikira ndi Vaseline
- Madzi a batire ogula m'botolo, ngati batire lanu ndi lothira madzi
- Mafyuzi ofanana ndi amene alipo, tepi yamagetsi, silikoni, waya wosamva dzuwa
- Penti woteteza ku dzimbiri, ndi penti wa mtundu wa chizindikiro chanu
- Makwerero, chingwe cholimba, magolovesi ndi magalasi oteteza maso
- Jekete yoyandamitsa ya aliyense wokwera boti
- Wotchi kapena foni yowerengera masekondi, kope ndi cholembera

1. Yambani ndi kufunsa, kenako kaioneni muli pamadzi

Musanamasule nati ngakhale imodzi, khalani pansi ndi asodzi obwera m'bandakucha. Safunsa anadya phula. Afunseni kuti nyale imazima nthawi yanji, inayamba liti, ndiponso ngati imazima tsiku lililonse kapena pokhapokha kukachita mitambo. Mayankho amenewa ndiwo theka la ntchito. Nyale yozima usiku uliwonse pa nthawi yofanana ikukuuzani za batire kapena za katundu wochuluka, kutanthauza zinthu zodya magetsi pabatirepo. Yongoyaka n'kuzima mphepo ikamawomba ikukuuzani za waya wokhwepa.

Madzulo, ngati nyanja ili bata, kwerani boti mutuluke makilomita awiri kapena atatu, muione monga momwe eni ake amaionera. Werengani kuphethira kwake ndi wotchi: ikuphethira kangati, ikukhala masekondi angati mumdima. Lembani.

Chenjezo: kuphethirako ndilo dzina la nyale yanu. Nyengo ya usipa nyanja imadzaza ndi nyali za asiginala, asodzi okopa usipa ndi kuwala, zoyaka mosalekeza, ndipo kumtunda kuli mababu a m'nyumba. Chimene chimauza munthu kuti "uku ndiye kwathu" ndi kaphethiridwe kameneka basi. Musakasinthe popanda kugwirizana ndi asodzi onse ndi a Marine.

2. Onani nyengo, ndipo musakwere nokha

Mverani uthenga wa a zanyengo pawailesi kapena pafoni. Likulu lawo lili konkuno ku Blantyre ndipo amachenjeza mwera ukamabwera. Mwera umavuta kwambiri kuyambira May mpaka cha mu August. Unali mwezi wa July, chaka cha 1946, pamene sitima yachitsulo ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi ndi anthu 145, ndiye boti lamatabwa musaliyese nalo dala. Gwirani ntchito m'mawa kwambiri. Kukamachita ziphaliwali tsikani msanga, mlongoti wachitsulo pagombe ndi malo oyamba kugwa mphenzi.

Mmodzi agwire makwerero, makwererowo amangidwe kumlongoti. Musanatsegule bokosi la batire ligogodeni kaye muli chapatali. Njuchi, mavu ndi njoka zimakonda mmenemo.

3. Tsukani panelo

Tsukani m'mawa galasi lisanatenthe, ndi madzi, sopo pang'ono ndi nsalu yofewa. Zitosi zouma za akakowa zinyowetseni kaye zifewe, musazipale ndi mpeni. Anthu ambiri sadziwa kuti timabokosi ta m'panelo tinalumikizidwa motsatizana ngati mikanda, kotero chitosi chimodzi chophimba kabokosi kamodzi chimafooketsa mzere wonse. Chimodzimodzinso mthunzi wa nthambi imodzi. Imani pamenepo cha m'ma 9 koloko m'mawa ndi cha m'ma 3 koloko masana muone ngati mtengo umene unali waung'ono poika nyale wayamba kuponya mthunzi.

Kuno kwathu panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pafupifupi madigiri 15. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo imeneyo ndiyo miyezi ya mwera imene nyale imafunika kwambiri. Panelo yogona chagada imasunga fumbi ndi madzi. Ngati mbalame zikuterapo kwambiri, mangani timawaya toimirira m'mphepete mwa chakumwamba kwa felemu, koma tisaponye mthunzi pagalasi.

Dzuwa likakwera, chotsani waya wa panelo kukontirola, kabokosi kowongolera magetsi pakati pa panelo, batire ndi nyale, muyeze. Panelo ya 12V yabwino imaonetsa pakati pa 18V ndi 22V. Ikaonetsa zochepa kwambiri padzuwa lowala bwino, tsegulani kabokosi ka kumbuyo kwake muone ngati mwalowa madzi kapena mwapsa.

4. Galasi la nyale ndi kadiso kake

Galasi la nyale zambiri za LED ndi pulasitiki yolimba. Sopo ndi madzi basi. Petulo, thina, phulusa, mchenga kapena waya wotsukira mapoto zimalichititsa khungu, ndipo likatero silibwereranso. Nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja, zikadutsa zimamatirira pagalasi, akangaude n'kudzamangapo nyumba, kuwala n'kuchepa ngakhale magetsi ali bwinobwino. Nyengo ya nkhungu muzipukuta sabata iliyonse.

Mukaona timadontho ta madzi m'kati mwa galasi, ndiye kuti labala yotsekera yatha. Umitsani, sinthani labalayo kapena matani ndi silikoni, koma kabowo kopumira ngati kalipo musakatseke.

Nyale imadziwa kuti kwada kudzera pa kadiso kakang'ono koona kuwala, kapena kudzera pa panelo yomweyo. Phimbani kadisoko kapena panelo ndi nsalu yakuda, mudikire mphindi zingapo. Nyale iyenera kuyaka, ndipo mukachotsa nsalu izime. Ngati ikuyaka masana, ikudya chakudya cha usiku.

Yang'ananinso ngati nyale yaima chilili. Galasi lake limasonkhanitsa kuwala n'kukuponya mopingasa pamwamba pa madzi. Mlongoti ukapendekeka pang'ono chabe, mbali ina kuwala kumapita kumwamba, mbali ina kumagwera pafupi, wakutali osaona kanthu.

5. Batire: yezani kawiri musanaliweruze

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye tidekhe. Kuyeza batire masana dzuwa likuswa mtengo sikukuuzani zoona, chifukwa mita imaonetsa mphamvu yochokera kupanelo, mwina 13.5V kapena 14V, ngakhale batirelo litatheratu. Yezani kawiri: madzulo patatha pafupifupi ola limodzi dzuwa litalowa, ndi m'bandakucha dzuwa lisanafike papanelo. Manambala otsatirawa ndi a mabatire a asidi, othira madzi ndi otsekeratu omwe. A lithium ali ndi manambala awo, tsatirani pepala lake.

Madzulo batire lodzaza limaonetsa 12.6V kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.2V lili pafupifupi theka. Likatsika kupitirira 11.8V latsala pang'ono kutheratu.

Tsono phatikizani manambala awiriwo. Ngati madzulo lili pa 12.2V kapena kutsika, batire silikukhuta masana. Vuto lili kupanelo, kumawaya, kukontirola, kapena kwa munthu amene akubako magetsi. Kugula lina sikuthandiza. Ngati madzulo lili pa 12.6V koma m'bandakucha lagwa mpaka 11.5V pomwe katundu wake ndi nyale yokha, pamenepo batire lakalamba ndithu, lisintheni. Ngati madzulo lili pa 12.6V ndipo m'bandakucha lili pa 12.3V koma nyale ikuzimabe, batire lisiyeni, sakani vuto pawaya wopita kunyale.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Chaka china ndinanyamula batire lolemera kuchokera kuno, pabasi mpaka Mangochi, kenako pakabaza, n'kukaliika padoko lina osayeza kanthu, chifukwa aliyense ankati lakale latha. Patatha masabata atatu anandiimbiranso. Nditabwerera ndinatsata waya ndi zala kuchokera kupanelo kutsika, ndipo pamene unakhudzana ndi ngodya ya chitsulo unali utadyeka, mwa tingwe tonse ta m'kati patatsala tiwiri tokha, tobiriwira. Batire lakale lija, limene anali ataliika kale pansi pa mtengo kuti aligulitse, linali lamoyo. Amayi ena ogulitsa usipa anandiuza kuti amuna awo anagona pamadzi usiku wina m'masabata amenewo kudikira kuti kuche. Sindiiwala.

Potsuka mitu ya batire, valani magolovesi ndi magalasi. Chotsani kaye waya wa panelo kukontirola, kenako wa nyale, kenako mutu wa negetivu, pomaliza wa pozetivu. Sungunulani supuni imodzi ya soda m'kapu ya madzi ofunda, tsukani zoyerazo ndi burashi mpaka chitsulo chiwale, pukutani, bwezerani n'kumanga zolimba, kenako pakani Vaseline pamwamba. Vaseline apakidwe mutamanga kale. Madzi a sodawo asalowe m'kati mwa batire.

Ngati ndi lothira madzi, tsegulani zivindikiro muone kuti mapuleti amira. Onjezerani madzi a batire okha. Madzi a m'nyanja ngakhale aoneke oyera bwanji, a pamjigo kapena a pampopi, ali ndi mchere umene umapha mapuleti. Asidi musaonjezere. Fodya ndi moto zikhale kutali, chifukwa batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wophulika. Bokosi lake likhale ndi tizibowo topumira totchinga ndi sefa, ndipo likhale pamthunzi. Kutentha kwa ku Mangochi mu October kumafupikitsa moyo wa batire losungidwa m'bokosi lachitsulo lapadzuwa.

Pogula lina werengani motere. Nyale ya 5W yoyaka maola 12 imadya 60Wh, yomwe ndi 5Ah pa 12V. Kuti ipirire masiku 5 a mitambo ikufuna 25Ah, ndipo popeza batire la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, gulani la 50Ah. Nyale yophethira imadya zocheperapo, zotsalazo n'zosungira tsiku loipa. Likhale la sola, lolembedwa deep cycle. La galimoto linapangidwira kuliza injini kamphindi, silipirira kutsitsidwa usiku ndi usiku.

6. Mawaya, fyuzi ndi kontirola

Tsatani waya aliyense ndi zala, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Sakani podyeka, polumidwa ndi makoswe, ndi polumikiza mongopotokola n'kukulunga pepala lapulasitiki. Waya wakuda kapena wobiriwira m'kati dulani mpaka mupeze kopa wowala. Pamene waya akulowa m'bokosi, mupindeni atsike kaye pansi asanakwere kulowa, kuti madzi a mvula azidontha panja.

Pobwezera, yambani ndi batire kukontirola, kenako panelo, pomaliza nyale. Makontirola ambiri amazindikira ngati ali pa 12V kapena 24V kuchokera kubatire, ndipo mukayamba ndi panelo ena amasokonekera kapena kupsa kumene. Fyuzi ikhale pawaya wa pozetivu pafupi ndi batire. Ikapsa pali chimene chaipsereza, chipezeni. Kuika kawaya kapena pepala la ndudu m'malo mwa fyuzi n'kuitana moto.

7. Mlongoti

Dzimbiri limayambira pansi pamene chitsulo chikulowa mu simenti. Kumbani pang'ono muone, palani ndi burashi, pakani penti woteteza, kenako wa mtundu wake. Masana mlongotiwo ndiwo chizindikiro, ndiye mizere yake ioneke patali. Kungani mawaya oukoka. Ngati pali ndodo ya mphenzi, onani kuti waya wake wafika pansi osaduka, chifukwa akuba amaukonda.

Kutalika kuli ndi phindu lake. Nyale ya pamtunda wa mamita 9 kuchokera pamadzi, munthu wokhala m'bwato akhoza kuiona ali pafupifupi makilomita 15, ngati ili yowala mokwanira ndipo kunja kuli koyera. Ya pa mamita 4 imathera cha pa makilomita 11. Wina akati tiutsitse mlongoti kuti tisamavutike kukwera, muuzeni zimenezi.

Pa za akuba, owotcherera a ku Ndirande amapanga khola la batire lachitsulo ndi felemu ya panelo mukawapatsa miyezo. Auzeni kuti loko abisike m'kati mwa chitsulo kuti sowo isamufikire.

8. Maboya a pamadzi

Ngati doko lanu lili ndi zizindikiro zoyandama zosonyeza mwala kapena njira yolowera, pitani anthu atatu, nonse mutavala majekete. Pafupi ndi bango ndi kumene Shire akutulukira samalani ng'ona ndi mvuu, musalowe m'madzi mwachisawawa.

Kokerani unyolo m'boti muuone mphete ndi mphete. Umadyeka kwambiri pamene umakhuzika pansi ndi pamene walumikizidwa kuboya. Ine mphete ikadyeka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndimasintha, sindidikira kuti uduke. Mapini a zolumikizira amangeni ndi waya kuti asamasuke ndi mafunde. Unyolo utalike kawiri kapena katatu kuposa kuya kwa madzi, poganizira kuti nyanja imakwera ndi kutsika chaka chilichonse. Mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'maloji a m'mphepete, ndipo boya la unyolo waufupi pa nthawi ngati imeneyo limamira kapena kuzula nangula wake.

Palani ndere, gwedezani mumve ngati m'kati mwalowa madzi, pakani penti. Mitundu isasinthanitsidwe. Lamulo limene maiko a mu Africa amatsata ndi lakuti polowa padoko chofiira chikhale kumanzere, chobiriwira kumanja. Pomaliza yerekezani malo a boyalo ndi manambala a GPS a pafoni amene munalemba poliika. Boya losuntha likunama, libwezereni tsiku lomwelo kapena lichotseni n'kulengeza.

9. Lembani, ndipo gonani konko

M'kope lembani tsiku, manambala a batire a madzulo ndi a m'bandakucha, kaphethiridwe, ndi chimene mwasintha. Kopelo likhale ndi mlembi wa komiti. Manambala a m'bandakucha akamatsika mwezi ndi mwezi, mudzadziwa kuti batire likukalamba nthawi yosonkha ikadalipo.

Musakwere basi yobwerera ku Blantyre tsiku lomwelo. Dzukani 3 koloko usiku muone ngati ikuyaka. Sankhani munthu mmodzi wokhala pafupi woti aziyang'ana madzulo alionse ndi m'bandakucha, azipukuta panelo sabata iliyonse ndi kuyeza batire mwezi uliwonse. Kuyendera kwakukulu kuchitike kawiri pachaka: mu April mwera usanayambe, ndi mu October mvula ndi mphepo ya mpoto zisanafike.

Zolakwika zimene ndimazipeza kawirikawiri

Choyamba ndi kutchajira mafoni pabatire la nyale. Ndimamvetsa, kumadoko ambiri magetsi ndi osowa ndipo aliyense amati "foni imodzi yokha". Koma mafoni khumi patsiku akhoza kudya mphamvu yoposa imene nyale ya 5W imafuna usiku wonse. Ngati komiti ikufuna kopezera ndalama, igule panelo ina ndi batire lina zotchajira, ndalama zakezo zizisungidwira nyale.

China ndi kulumpha kontirola. Ikawonongeka, anthu amalumikiza panelo molunjika kubatire ndi nyale molunjika kubatire. Masana batire limawira mpaka madzi kuuma, usiku limatsitsidwa mpaka kutheratu. Kontirola ndi yotchipa kuposa batire.

Kuphatikiza batire latsopano ndi lakale: lakale limayamwa latsopano, onse n'kufa limodzi.

Kuika babu wamba wa m'nyumba nyale yeniyeni ikafa. Kuwala kwake kumamwazika, sikuphethira, ndipo sikusiyana ndi kwa pagolosale. Ngati mwapanikizika n'kuika wongogwirizira, lengezani kwa asodzi onse, ndi a madoko oyandikana nawo omwe.

Kugula panelo pongokhulupirira chomata cha kumbuyo. Ndinagulapo pasitolo ina m'tauni muno panelo yolembedwa 100W imene kukula kwake kunali kwa ya 50W. Nyamulani mita yanu, tulukani nayo panja padzuwa muiyeze musanalipire, ndipo tengani lisiti.

Kumangirira maboti kuboya. Nangula wake anayezedwera boya lokha, boti likakokedwa ndi mphepo limapita nalo.

Chomaliza ndi kukhala chete nyale ikazima. Ikafa ndipo simungathe kuikonza lero, uthenga ufike kwa aliyense maboti asananyamuke madzulo. Uzani apampando a komiti ya padoko ndi amfumu, lengezani kumsikiti ndi kutchalitchi, tumizani pagulu la WhatsApp la asodzi, ndipo dziwitsani a Marine kapena apolisi a panyanja ngati njirayo imadutsanso maboti onyamula anthu. Mukaikonza lengezaninso m'njira zomwezo, ndipo munene kaphethiridwe kake.